Za Maiko Ena: Khomo Lotseka la Mjeremani

Mwezi uno ndifuna kukufotokozerani za anthu a mtundu wanga, ndiwo Ajeremani, pakuti ambiri a inu mumamva mbiri yao mbali imodzi yokha. Ena amati ndi anthu achuma, odziwa kusula makina ndi magalimoto osatha msanga; ena amati ndi anthu ouma mtima, osaseka, osapatsa moni panjira; ndipo ku Karonga akali kusimba zimene anamva kwa makolo ao za nkhondo ya 1914, pamene asilikali a Ajeremani anatsika kuchokera ku dziko limene tsopano ndi Tanzania nathira nkhondo pa boma pomwepo. Zonsezi ziri ndi choonadi chache, koma sizikwanira. Ine ndinabadwira komweko, ndinayamwa komweko, ndipo chimene ndifuna kuti mumvetse ndi ichi: mangawa amene munthu wa kuno amabweza kwa mnansi wache ndi miyendo, pakupita kukamzonda, Mjeremani amawabweza ndi lamulo, ndi koloko, ndi kalata. M'menemo muli zokoma, mulinso zowawa, ndipo sindidzaonetsa zina ndi kubisa zina.

Wofuna kudziwa munthu ayambe waona nyengo ya kwao. Dziko la Germany, m'mene mukhala anthu oposa mamiliyoni 83, liri kutali kumpoto, kumene dzuwa silikhulupirika monga kuno. M'mwezi wa Disembala limatuluka 8 koloko itapitirira, cha m'ma 4 koloko madzulo lapita kale, ndipo masiku ambiri silioneka konse chifukwa cha mitambo. Chiperoni chimene chikudandaulitsani m'mwezi wa Juni, kwathu tingachiyese nyengo yabwino yoti ana asewere pabwalo. Kuzizira kwenikweni kukafika, madzi a m'thamanda amauma gwa ngati mwala, mitengo imayoyola masamba, ndipo kwa miyezi inai kapena isanu m'munda simumera kanthu, ngakhale bonongwe. Kulibe dimba loti munthu nkupulumukirako. Tsono makolo athu anali kudziwa kuti amene sanawerenge bwino nkhuni zache, udzu wouma wa ng'ombe zache ndi chakudya cha ana ache m'mwezi wa Okutobala, adzalira maliro Malichi asanathe. Lero nyumba zimafunditsidwa ndi mipope ya madzi otentha, chakudya chimagulidwa m'sitolo chaka chonse, ndipo mwa anthu 100 ogwira ntchito olima sakwana awiri. Koma mtima wowerengeratu zinthu unatsala m'mwazi. Nacho chitseko chinayamba kutsekedwa chifukwa cha mphepo, si chifukwa cha udani ai. Anthu amene theka la chaka sangathe kukhala pakhonde kapena patsinde pa mtengo amazolowera kuti moyo wa banja uli m'kati, kumene maso a mnansi safika.

Za chakudya ndinena mwachidule. Monga inu simuyesa kuti mwadya ngati simunadye nsima, Mjeremani sayesa kuti ali kwao kumene kulibe buledi wabwino. Mitundu yache yoposa 3,000 inalembedwa m'kaundula, ndipo wambiri ndi wakuda, wolemera, wowawasa pang'ono, wochokera ku mbeu yonga tirigu yotchedwa Roggen, imene ipirira chisanu. Chakudya cha madzulo dzina lache ndi Abendbrot, ndiko kunena buledi wa madzulo: chozizira, chosafuna moto, buledi ndi batala, tchizi ndi soseji basi. Mai wa kuno angagwidwe ndi chisoni kuona mwamuna amene wagwira ntchito tsiku lonse akupatsidwa zotere, koma mwini wache amakhuta nathokoza. Mbatata ya kachewere alimi anayamba aikana, kotero kuti mfumu Friedrich II ya ku Prussia inachita kutulutsa malamulo, lodziwika koposa la 1756, kuti aibzale. Kufikira lero alendo amaika kachewere pamanda pache ku Potsdam m'malo mwa maluwa. Mfutso tiri naonso: kabichi wodulidwa timizere, wothiridwa mchere, wotsenderezedwa mumtsuko kufikira atasasa, dzina lache Sauerkraut.

Tsono za koloko. Mjeremani akati 3 koloko atanthauza 3 koloko. Wochedwa ndi mphindi khumi ayenera kupepesa, ndipo wofika msanga kwambiri walakwanso, pakuti mwini nyumba sanakonzeke. Dotolo, wometa tsitsi, ngakhale mbale wa bere limodzi, onse uyamba wapangana nao tsiku, nililembedwa m'kabuku, ndipo si chachilendo kumva munthu akuuza mlongo wache kuti adzaonana Loweruka la sabata yachitatu. Inu mumati mlendo ndi mame, ndipo akafika nsima iri pamoto mumangoonjeza ufa. Kwathu mai amagula nyama yowerengera pakamwa: anthu anai pagome, nthuli zinai. Mlendo wogogoda mwadzidzidzi amamchititsa manyazi, ndipo manyazi amenewo pankhope amaoneka ngati mkwiyo. Koma woitanidwa amalandiridwa ngati mfumu, ndi keke yophikidwa dzulo lache, ndi khofi, ndi nsalu yoyera pagome. Iyenso asaiwale kubwera ndi maluwa m'manja. Masitima a pamtunda okha ndiwo anataya mwambo wa makolo: m'chaka cha 2024, mwa masitima khumi a ulendo wautali pafupifupi anai anali kufika mochedwa, ndipo palibe nkhani ina imene anthu a kwathu amakonda kudandaula koposa imeneyi.

Chinenero chathu chiri ndi "iwe" ndi "inu" monga chanu, ndiwo du ndi Sie, koma kayendedwe kao kangakudodometseni. Mwana amati du kwa atate ache ndi kwa agogo ache, ngakhale kwa Mulungu popemphera. Pamene anthu awiri oyandikana makomo zaka makumi awiri angathe kumaitanana Sie, ndi Herr kapena Frau pamodzi ndi dzina la makolo, kufikira imfa. Wamkulu ndiye amapereka chilolezo cha du, ndipo tsikulo ndi lokumbukika, ngakhale achinyamata a masiku ano sasamalanso kwambiri. Ponena, Mjeremani sazungulira. Mukampempha kanthu, akati ai ndi ai. Sanena kuti "ndiona" pofuna kukusungirani ulemu, pakuti kwa iye kulonjeza chimene sadzachita ndilo bodza, ndipo bodza ndi chipongwe choposa kukana. Mukamphikira ndiwo ndi kumfunsa ngati zakoma, konzekani kumva kuti mchere wachuluka. Pano ndiyenera kuweruza anthu anga: kunena zoona nkwabwino, koma ambiri a ife sitidziwa kuti choonadi chiri ndi nthawi yache ndi mau ache, ndipo tikadaphunzira zambiri pomvera mkamwini wa kuno polankhula ndi apongozi ache. Komabe amene Mjeremani wamtcha bwenzi, wapeza bwenzi la moyo wonse. Dzina limenelo salipereka kwa anthu oposa zala za dzanja limodzi. Ena onse amangowatcha odziwana nao.

Anthu oposa theka sakhala m'nyumba zaozao, koma za lendi, kawirikawiri zosanjikizana, mabanja asanu ndi limodzi kapena khumi pansi pa denga limodzi, osakhala pachibale. Palibe nyakwawa yowaweruza pabwalo. Tsono chimene chiwasunga ndi pepala la malamulo lopachikidwa pakhomo lalikulu. Kuyambira 10 koloko usiku kufikira 6 koloko m'mawa, phokoso ai. Wosamuka ayenera kukalembetsa ku boma pasanathe masabata awiri. Zinyalala zimasankhidwa monga mai asankha nyemba palichero: mapepala paokha, makoko ndi zotsala za chakudya pazokha, zokutira za pulasitiki pazokha, mabotolo a galasi monga mwa maonekedwe ao, oyera, obiriwira ndi ofiirira. Kuyambira 2003 botolo la pulasitiki kapena chitini cha chakumwa chiri ndi chikole cha masenti 25 a ndalama ya euro, chimene munthu amalandira pobweza chopanda kanthu. Chotero mabotolo sakhalitsa panjira, ndipo nchomvetsa chisoni kuti ena mwa amene amawatola m'mabini ndi nkhalamba zimene penshoni siizikwanira. Ku Württemberg kuli mwambo wa Kehrwoche, sabata ya tsache, umene mizu yache ifika ku malamulo a mzinda wa Stuttgart a 1492: banja liri lonse liri ndi sabata yache yosesa makwerero ndi njira ya pakhomo, ndipo kachikwangwani kamapachikidwa pachitseko cha amene yamfika ntchitoyo. Wosesa mwaulesi kawirikawiri amapeza kakalata kopanda dzina pakhomo pache, pakuti apa pokha kulimba mtima kwathu kuja kumatithawa.

Lamulo limodzi ndilikonda koposa ena, ndilo la tsiku la Mulungu. Linalowa m'malamulo akulu a dziko m'chaka cha 1919, nilisungidwanso m'malamulo atsopano a 1949. Masitolo amatsekedwa, kupatula ophika buledi kwa maora ochepa, ogulitsa mafuta a galimoto ndi a pa siteshoni. Magalimoto akulu a katundu ambiri saloledwa pamseu. Wotchetcha kapinga ndi makina walakwa. Mabanja amabvala nsapato zolimba nakayenda m'nkhalango, pakuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko ndi mitengo. Koma matchalitchi sadzazanso. Mtulo wa mpingo ndi boma limene limautolera pamodzi ndi msonkho, pakuonjeza 8 kapena 9 pa 100 ali yense wa msonkho wa munthu, ndipo wofuna kuleka amapita ku ofesi ya boma nasaina pepala. M'chaka cha 2022 chokha Akatolika oposa 500,000 anatero, ndipo tsopano Akatolika ndi Aprotestanti a mpingo waukulu, kuwaphatikiza pamodzi, sakwana theka la anthu. Tsiku analisunga, mwini tsiku ambiri anamsiya.

Mukafunsa chifukwa chache anthu awa amamatira chotere ku lamulo lolembedwa, ndiyankha kuti chisanu ndi mbali imodzi, mbali ina ndi chikumbumtima. Kuyambira 1933 kufikira 1945 mtundu wathu unatsata munthu mmodzi, Hitler, numvera osafunsa, nupha Ayuda mamiliyoni 6 ndi anthu ena osawerengeka, nusiya mizinda yache iri phulusa. Pambuyo pache dziko linagawika pawiri kufikira 1990. Nchifukwa chache malamulo a 1949 anayamba ndi ulemerero wa munthu ali yense, kuti lamulo lizimanga ndi wolamula yemwe. Ana amaphunzitsidwa zoipazo kusukulu osabisa kanthu, ndipo m'njira za m'mizinda munaikidwa timiyala ta mkuwa, toposa 100,000 ku Ulaya konse, kali konse ndi dzina la munthu mmodzi, pakhomo pa nyumba imene anamtengamo anansi ali chete.

Tsopano ndafika pamene mtima wanga ulemera. M'chaka cha 1883 Bismarck anakhazikitsa thumba la odwala, mu 1884 la ovulala pantchito, mu 1889 la okalamba, ndipo mu 1995 linaonjezedwa la kusamalira ofooka. Wogwira ntchito amadulidwa malipiro mwezi ndi mwezi, womlemba ntchito naponyamonso gawo lache. Chipatso chache nchachikulu, ndipo musachipeputse: palibe wogulitsa mbuzi kapena munda kuti mwana aonane ndi dotolo, mkazi wamasiye salandidwa katundu ndi abale a mwamuna, ndipo wothyoka mwendo pantchito sagona ndi njala. Koma chimene thumba lilipira, mbale amayamba kuyesa kuti chachoka paphewa pache. Ukwati wa kwathu ulibe ankhoswe, ulibe chiwongo. Kuyambira lamulo la 1875 umene boma liuzindikira ndi womangidwa ku ofesi yache, wa kutchalitchi numatsatira. Okwatiranawo sapita chikamwini, sapita chitengwa, amakamanga paokha, nthawi zambiri ku mzinda wakutali kumene ntchito yawaitana; akayambana amapita kwa mlangizi wolipidwa kapena kwa loya. Makolo nao safuna kukhala mtolo, ndipo amanyadira kunena kuti sapempha kanthu kwa ana. Chotero mwa nyumba khumi, zinai mukhala munthu mmodzi yekha. Sindinena kuti onse anataya makolo ao. Ofooka ambiri akali kusamalidwa kunyumba, makamaka ndi akazi ao ndi ana ao akazi. Otsalawo amapita ku nyumba za okalamba, zoyera, zofunda, za chakudya chofika pa nthawi yache, kumene manja ambiri owasambitsa ndi a anthu ochokera ku Poland, ku Philippines ndi ku maiko ena. Ndipo zimachitika m'mizinda yaikulu kuti munthu afera m'chipinda chache, nadziwika patapita masabata, chifukwa bokosi lache la makalata lasefukira. Mnansi wache sanali woipa mtima ai. Anali kusunga ulemu, pakuti anamphunzitsa ali mwana kuti kugogoda usanaitanidwe nkulowerera za eni.

Maliro ndiwo angakudabwitseni koposa. Kulibe kulira kodzutsa mudzi, kulibe kugona pasiwa, kulibe amai obwera ndi ufa m'malichero ndi nkhuni pamutu. Adzukulu athu ndi kampani yolipidwa, imene imafika mwakachetechete ndi galimoto nitenga mtembo. Uthenga umalembedwa m'nyuzipepala kapena m'makalata a m'mphepete mwakuda. Kuika kumachitika patapita masiku angapo, mwina masabata awiri, pa ora lopangana. Oposa awiri mwa atatu masiku ano amatenthedwa, phulusa niliikidwa m'kamtsuko. Olira amabvala zakuda nagwira misozi. Pambuyo pache amamwa khofi ndi keke, ndipo posachedwa ali kuntchito. Ngakhale manda ndi a lendi: banja limalipira zaka 20 kapena 30, ndipo zikatha, ngati palibe woonjeza, mwala umachotsedwa, malo napatsidwa wina. Komatu lowani kumanda kwathu muone. Sikuli tchire loopsa, ndi munda wa maluwa. Mudzapezako mai wokalamba ndi kachitini kothirira, akuzula udzu pamanda a mwamuna wache sabata ndi sabata kwa zaka makumi awiri, ndipo pa tsiku la Oyera Onse, 1 Novembala, m'madera a Akatolika manda onse amayaka ndi tinyali tofiira. Chisoni chiripo ndithu, chimangoyenda chokha.

Kodi tsono Mjeremani alibe mudzi? Ali nao, koma anaulemba m'kaundula. M'dzikomo muli mabungwe olembetsedwa oposa 600,000: a mpira, a oimba, a oweta njuchi ndi akalulu, a timinda ta ndiwo. Liri lonse liri ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi tsiku la msonkhano, ndipo munthu amene sangagogode pakhomo panu adzakhala nanu pa benchi limodzi Lachiwiri liri lonse kwa zaka makumi anai. Adolph Kolping, wosoka nsapato amene anadzakhala wansembe, anazindikira mtima umenewu: ataona anyamata a ntchito zamanja akusochera m'mizinda opanda mbale, anawayambira bungwe ku Köln mu 1849, ndi nyumba zofikiramo, ndipo liripo kufikira lero m'maiko ambiri. M'midzi ndi m'matauni ang'ono ozimitsa moto ndi anthu odzipereka osalipidwa, pafupifupi miliyoni imodzi. Chenjezo likalira, wophika buledi, mphunzitsi ndi mlimi amasiya ntchito nathamanga. Usiku wa pa 14 Julayi 2021 mtsinje wa Ahr unasefukira nupha anthu oposa 130. Kutacha, alimi anafika ndi mathirakitala ao osaitanidwa, ndipo kwa masabata ambiri anthu zikwizikwi anali kubwera kuchokera kutali ndi mafosholo ndi zidebe, kudzakokolola matope m'nyumba za anthu amene sanawaonepo ndi kale lonse.

Ngati mwana wanu apita kumeneko kukaphunzira kapena kukagwira unamwino, mumuuze asunge nthawi, asunge kalata iri yonse ya boma, alimbikire chinenero, ndipo alowe bungwe limodzi msanga, pakuti ndilo khomo lokhalo losafuna kugogoda. Asayese kuti ali yense wosampatsa moni amuda. Koma sindikana kuti alipo onyoza akhungu lakuda, ndipo m'chisankho cha 2025 chipani chofuna kutsekera obwera chinapeza voti imodzi mwa asanu ali onse.

Pali masiku ochepa pachaka pamene kugogoda kumalandiridwa ndi chimwemwe. Cha pa 6 Januwale, chaka cha Mafumu Atatu, ana a m'maparishi amabvala nduwira za pepala ndi nsalu zazitali, mmodzi atanyamula nyenyezi pandodo, nayenda khomo ndi khomo m'chisanu. Amaimba, nalemba ndi choko pamwamba pa chitseko nambala ya chaka ndi malembo C, M ndi B, oimira mau a Chilatini opempha Kristu kuti adalitse nyumbayo, nalandira ndalama zothandizira ana a m'maiko osauka. Ntchito yosonkhayi inayamba mu 1959, ndipo zina mwa ndalama zache zimafika ku Afrika kuno. M'maparishi ena a m'mizinda ofuna kuchezeredwa amayamba alembetsa, pakuti Mjeremani ndi Mjeremani. Koma kumidzi anawo amalowa kwa Akatolika, kwa Aprotestanti, ndi kwa amene anasaina pepala loleka mpingo. Nkhalamba zokhala zokha zimayamba kusuzumira pazenera kuyambira m'mawa, maswiti ali m'mbale, ndalama iri m'envulopu. Ndipo choko chija sachifufuta, chimakhala pachitseko kufikira Januwale wina.

Mwezi wa mawa ndidzakufotokozerani za sukulu zao, ndi m'mene mnyamata amaphunzirira ntchito yamanja kwa mmisiri zaka zitatu asanaloledwe kudzitcha mwini ntchito.